Ndimapemphera nawo, koma ndikadali mlendo

Funso

Abusa, ndine mphunzitsi wamkazi wa zaka 27, kwathu ndi ku Dowa. Boma linanditumiza pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ngabu, ndipo pano ndatha miyezi isanu ndi itatu. Ndinakulira mu CCAP, ndinali wa kwaya, ndipo kwathu panalibe amene sankandidziwa. Kuno ndimapita kutchalitchi Lamulungu lililonse, koma ndimakhala kumbuyo, tikaweruka ndimapatsana moni ndi anthu awiri atatu pakhomo, basi ulendo wa kunyumba. Amayi akayamba kucheza amalankhula Chisena, ine n'kungoti kakasi. Mayi anga anandichenjeza kuti ndisamadye m'makomo mwa anthu. Loweruka ndimangodzitsekera m'nyumba, foni kumanja, nthawi zina kumalira. Mnzanga wapantchito ananditengera ku felosipu ya mneneri wina, ndipo kumeneko anandilandira ngati mwana wawo, koma tsopano akuti ndizifesa mbewu, kutanthauza kupereka ndalama yapadera, mwezi uliwonse ndikalandira. Kodi ndisinthe mpingo? Kapena ndingopempha transifa?

Yankho

Aphunzitsi, zikomo polemba, ndipo pepani kuti mtima wakhala ukukuwawani chonchi. Khazikani mtima pansi. Palibe cholakwika pa inu, ndipo chikhulupiriro chanu sichinazirale ayi. Ndatumikira zaka zambiri m'mipingo ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo dandaulo lanuli ndalimvapo kwa anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi, ngakhale kwa azibambo akuluakulu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo amene anasiya mabanja awo ku Mulanje kapena ku Ntcheu. Miyezi yoyambirira munthu amatanganidwa ndi kufuna nyumba, kuzolowera madzi a pamjigo omwe m'madera ena amakhala amchere, ndi kulimbana ndi kutentha kogonetsa anthu panja. Kusungulumwa kwenikweni kumabwera zonsezo zikakhazikika, m'miyezi yomwe inu mulimoyi.

Taganizani za ku Dowa. Kumeneko simunachite kufunafuna anthu. Munabadwira pakati pawo, ankakutchulani kuti mwana wa auje, mdzukulu wa auje. Ubale umene munkausangalalawo anakulimirani ndi agogo anu ndi mayi anu, pogona m'maliro a anzawo, pophika m'maukwati, pozonda odwala, inu musanabadwe n'komwe. Kuno palibe amene anakulimirani, ndiye mphanje muswa nokha. Ndipo ntchito imeneyo siichitika Lamulungu m'mawa. Lamulungu anthu amabwera kudzapembedza, nkhope zonse zimayang'ana kutsogolo, ndipo akangotuluka aliyense amathamangira mthunzi ndi mphika. Mutha kupita Lamulungu lililonse kwa zaka zitatu koma osadziwika dzina.

Musafulumirenso kuganiza kuti anthu a kuno kuchigwa cha Shire ndi ouma mtima. Chigwachi chinazolowera alendo kuyambira kalekale. Mafumu ena a ku Chikwawa, monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, ndi zidzukulu za Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kutsalira pakati pa Amang'anja m'zaka za m'ma 1860. Asena ambiri makolo awo anachokera cha ku Zambezi. Pa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, midzi ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa inasunga othawa nkhondo miyandamiyanda. Anthu amenewa kulandira mlendo amakudziwa. Koma aonanso antchito a boma ambiri akufika nkhope ili yakugwa, kumanena poyera kuti kuno anachita kuwataya, kumawerengera masiku oti abwerere kumtunda. Ndiye pakabwera mphunzitsi watsopano amayamba aonerera kaye. Akaona mtsikana wophunzira, wovala bwino, wapamalipiro, wangokhala phee kumbuyo, amayi ambiri amaganiza kuti ndi inuyo amene simukuwafuna. Inu mukuwaopa, iwonso akukuopani.

Apa m'pamene chenjezo la mayi anu likukupwetekani. Mayi ananena mwachikondi, zimenezo sindikukayika. Koma nkhani zoti kuchigwa kuli mankhwala ndi zokamba za kumtunda, ndipo anthu a kuno amadziwa kuti amanenedwa choncho, zimawawawa. Mayi wa mumpingo akakuyalirani mkeka, n'kukuikirani nsima ya mapira ndi mlamba, inu n'kunena kuti mwadya kale, iye amamva kuti mwamuyesa mfiti kapena wauve. Kachiwiri sadzakuitananinso. Idyani, aphunzitsi. Ngati mwakhutadi, tsinani mbamu ziwiri, muyamike. Choyenera kusamala nacho ndi madzi akumwa ndi kusamba m'manja, makamaka nthawi ya dzinja, poti kolera ya mu 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira. Kuyenda ndi botolo lanu la madzi palibe amene angakudabweni nako, kuno kumatentha.

Tsopano funso langa kwa inu: kalata ya mpingo munabwera nayo? M'kalata yanu simunaitchule, ndipo achinyamata ambiri amaisiya poganiza kuti sakhalitsa. Mpingo wanu wa ku Dowa uli pansi pa Sinodi ya Nkhoma, yomwe inayambira ku Mvera m'boma lanu lomwelo mu 1889. Wa ku Ngabu uli pansi pa Sinodi ya Blantyre. Koma ndi mpingo umodzi: Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana mu 1924, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Zina muziona zosiyana, monga amayi amene kwanu mumati a Chigwirizano kuno ndi a Mvano, koma kalata yanu ailandira popanda vuto. Imbirani mlembi wa seshoni (bwalo la akulu a mpingo) wa kwanu akulembereni, mukaipereke kwa mlembi wa kuno. Adzakuimiritsani pamaso pa mpingo, adzatchula dzina lanu ndi kwanu, ndipo chofunika koposa, adzakuuzani mlaga wanu ndi mkulu wa mpingo wokuyang'anirani. Popanda kalata, m'mabuku ndinu mlendo wodutsa, ndipo mukadwala palibe amene ali ndi udindo wodzagogoda pakhomo panu.

Mlaga umenewo ndiwo ndikufuna muugwiritsitse. Akatolika amati mphakati, mipingo ina ili ndi mayina akeake, koma chinthu chake n'chimodzi: Akhristu oyandikana nyumba kukumana pakati pa sabata pakhomo pa mmodzi wa iwo. Mudzapeza anthu khumi ndi angapo pamikeka, pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa litapendeka, mbuzi zikudutsa pambali. Kumeneko kulibe mpando wakumbuyo woti n'kubisalako. Poti ndinu aphunzitsi, tsiku loyamba lomwelo wina adzakupatsirani Baibulo kuti muwerenge. Nyimbo ikavuta kuyamba, mudzaiyamba ndinu, ndipo agogo ena adzatembenuka kuti aone mwini mawuwo. Mudzamva kuti mwana wa uje wagonekedwa m'chipatala, kuti kwa uje ng'ombe zalowa m'munda wa thonje, kuti uje wabereka. Mukajomba sabata imodzi, m'mawa mwake mudzaona kamwana kaima pakhomo panu kakuti, “Agogo akuti mwadzuka bwanji, dzulo sanakuoneni.” Pakapita milungu ingapo, pemphani kuti mapemphero adzachitikire kwanu. Musade nkhawa kuti nyumba ndi yaing'ono kapena mulibe mipando. Bwerekani mikeka kwa oyandikana nawo, ndipo kubwerekako n'kumene kumayambitsa chinansi. Anthu akakhalapo pakhonde panu kamodzi, njira ya kwanu aidziwa.

Chinthu chachiwiri n'cholemerapo, koma ndichinena mosabisa, chifukwa ndi chimene ndaona chikusandutsa alendo kukhala eni mudzi: maliro. Uthenga wa maliro a mumlaga mwanu kapena a kholo la mwana wa m'kalasi mwanu ukamveka, mukaweruka kusukulu valani chitenje ndi mpango mupite. Adzakukokerani mpando pamthunzi, poti ndinu aphunzitsi. Thokozani, khalanipo pang'ono, kenako nyamukani mupite kuseri kumene amayi akuphika. Tolani ndowa mupite nawo kumjigo. Tsukani mbale. Madzulo lowani m'siwa, mukhale pansi miyendo itatambasulidwa ngati anzanu, muimbe nawo mpaka pamene mungathe. Chipepeso perekani chochepa chomwe muli nacho. Ndikukumbuka namwino wina wochokera kumpoto amene anakhala nthawi yaitali akudandaula ngati inu. Atagona pamaliro a mwana wa mayi wina wa Mvano, akusonkhezera moto ndi kuphika phala la anamfedwa mbandakucha, mayi uja anayamba kumutchula kuti mwana wanga woyamba. Patapita nthawi namwinoyo anadwala malungo aakulu, ndipo amene anamudikirira m'chipatala, kumuchapira ndi kumuphikira, anali mayi yemwe uja. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Pamaliro ndi paukwati mudzaona miyambo yosiyana ndi ya kwanu. Asena ambiri amalowola ndipo ana amakhala a kwa bambo, pomwe kwanu ku Dowa mphamvu zili kwa amalume. Mudzamvanso za Mbona, mzimu wa mvula wa pakachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, amene anthu ambiri, Akhristu omwe, amamutchula mwaulemu. Pakamwa musafulumire. Mawu oti “kwathu sititero” amatseka zitseko zambiri. Onani, sungani, mukafunse pambali kwa mayi amene mwayamba kumukhulupirira. Pakakhala mwambo wopweteka munthu, monga kukakamiza wamasiye kapena kukwatitsa mwana wasukulu, pamenepo pali njira zake zokanenera, ndipo mawu anu adzamveka bwino anthu akakhala kuti akukudziwani kale.

Za chiyankhulo musavutike nazo kwambiri. Chimang'anja mukuchimva kale, ndipo amayi olankhula Chisenawo pafupifupi onse Chichewa amachidziwa. Sakukunenani, akungocheza m'chiyankhulo cha mayi awo. Aphunzitsi anu a Chisena muli nawo m'kalasi: uzani ana akuphunzitseni moni, kuthokoza ndi kupepesa, ndipo mukayesere pa amayi aja. Adzaseka mpaka kugwirana mapewa, koma kuseka kumeneko n'kokulandirani. Kwayanso pitani mukalowe sabata ino, musadikire kuitanidwa.

Ndiyenera kukuchenjezaninso, chifukwa mpingo ndi anthu, ndipo kulowa pakati pa anthu kuli ndi minga yake. Yoyamba ndi ndalama. M'mipingo yambiri ya kumudzi, amene amalandira mwezi ndi mwezi ndi owerengeka, ndiye mukangodziwika, dzina lanu liziyamba kutchulidwa pa pepa sande, pa zomangamanga, pa ulendo wa kwaya. Ena adzabwera ndi mavuto enieni, a fizi, a mankhwala, a ufa m'miyezi ya njala. Khalani pansi mwezi usanathe, mudziikire malire a chopereka ndi a chithandizo, ndipo akakwana nenani mwaulemu kuti mwezi uno zatha. Mukafuna kuthandiza, kuli bwino kupereka pang'ono kosayembekezera kubwezeredwa kusiyana ndi kukongoza zambiri, chifukwa ngongole ya mumpingo imathawitsa wokongola, mapeto ake mwataya ndalama ndi mnzanu yemwe. Akafuna kukusankhani usungichuma chaka choyamba chomwechi, kanani. Ulembi kapena kuphunzitsa Sande sukulu vomerani. Ndipo musalowe katapila pofuna kuoneka bwino pa tsiku la zopereka.

Minga ina ndi ya amuna. Mtsikana wokhala yekha, wopanda achibale pafupi, amaonedwa, ndipo ena omuona amavala jekete n'kunyamula Baibulo. Mkulu wa mpingo woona sabwera yekha usiku kudzapemphera ndi mtsikana m'nyumba. Aliyense wamwamuna mulandireni pakhonde, masana, anthu akuona. Wina akayamba mauthenga a pafoni osayenera kapena kukukakamirani, musasunge mumtima poopa kuti ndinu mlendo. Auzeni amayi busa kapena mtsogoleri wa Mvano, ndipo mauthengawo musafufute. Zikafika poopsezedwa kapena kugwiridwa, pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi. N'chifukwa chake ndimalangiza mtsikana aliyense wobwera kuti apeze banja limodzi lokhazikika, la mayi wachikulire wa mbiri yabwino, loti azilitcha kwawo. Anthu akadziwa kuti aphunzitsi aja ndi mwana wa kwa mayi auje, ambiri oyesa mwayi amabwerera okha.

Tibwere ku felosipu ija. Sindikuuzani kuti mipingo ya chipentekoste kapena mafelosipu onse ndi oipa, chifukwa limenelo lingakhale bodza. Ndili ndi abale ambiri okhulupirika kumeneko, ndipo pa nkhani yolandira alendo amatiposa kutali ife a mipingo yakale. Zimandipweteka kuti mwana wathu wa kwaya watha miyezi isanu ndi itatu pabenchi lakumbuyo popanda mkulu wa mpingo ngakhale mmodzi womufunsa kumene amakhala. Pamenepo mpingo unalakwa. Choncho sindikudabwa kuti mtima wanu unasungunuka atakukumbatirani kwina.

Koma chikondi chimene chayamba kutchula tsiku la malipiro anu chiyenera kuyesedwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: pitirizani kupita ngati mukufuna, koma kwa miyezi iwiri musafese mbewu iliyonse, muziponya chopereka wamba ngati wina aliyense. Muone ngati moni akhalabe yemweyo, ngati mafoni akufunsani za moyo apitirire. Penyaninso zinthu izi mwachifatse. Kodi ndalama zikasonkhedwa, pali komiti yomwe imawerenga n'kulengeza, kapena zonse zimathera m'thumba la munthu mmodzi? Kodi munthu angafunse funso osatchedwa wogwidwa ndi ziwanda? Kodi mneneriyo ali ndi akuluakulu omudzudzula akalakwa? Tsiku limene adzakuuzeni kuti mavuto anu akuchokera kwa mayi anu kapena azakhali anu, kuti muleke kulankhula ndi achibale, kuti wodwala ataye mankhwala a kuchipatala monga ma ARV, kapena kuti mubwere nokha usiku kuti akupempherereni mwapadera, tulukani ndipo musadzabwererenso. Ndaikapo m'manda anthu amene anasiya mankhwala atauzidwa kuti achira, ndiye pa nkhani iyi sindinyengerera.

Kusintha mpingo pakokha si tchimo, ndipo ndinu wamkulu, mutha kusankha. Langizo langa n'lakuti musasankhe panopa, mtima ukadali wosungulumwa, chifukwa panopa aliyense wokumwetulirani aoneka ngati mngelo. Mpingo wanu simunauyese n'komwe: kalata simunapereke, kumlaga simunapiteko, kwaya simunalowe. Chitani zimenezi kwa matemu awiri. Mukadzaona kuti zitseko zatsekekabe, mudzasankhe ndi maso otsekuka, poyang'ana chiphunzitso ndi khalidwe la atsogoleri, ndipo mukatsanzike bwino kumene mukuchokako.

Pali chifukwa china chimene kuchigwa kuno munthu sayenera kukhala yekha, ndipo ndi madzi. Anthu a kuno akukumbukira Januwale wa 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 pamene msewu wa M1 unaduka malo angapo, ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zoterozo matchalitchi ndi masukulu ndiwo amasanduka misasa. Madzi a kuno amatha kubwera usiku, mvula itagwa kumapiri kutali, kwanu kuno nyenyezi zikuoneka. Amene amadziwa kuti khwawa ili limadzaza mbali iti, nyumba iti simuyenera kuchita lendi ngakhale ikhale yotchipa, ndi pokwera pati pothawira, ndi anthu a mumlaga mwanu. Ndipo pothawa amagogoda pazitseko za anthu amene akuwadziwa kuti muli munthu. Dzinja lisanafike, afunseni zimenezi.

Foni ndi yabwino, mayi muziwaimbira. Koma mukamathera Loweruka lonse pa WhatsApp ya kwaya ya kwanu, kuonera zithunzi za maukwati amene simunapiteko, thupi lokha ndi limene lili ku Ngabu. Ikani nthawi yoimbira kunyumba, ikatha tulukani, ngakhale kungopita kumsika ndi mnzanu dzuwa likazizira. Kwanu muzipita pa holide, osati mwezi uliwonse. Ulendo wa ku Dowa kudzera ku Blantyre ndi ku Lilongwe umadya tsiku lathunthu ndi gawo lalikulu la malipiro, ndipo mumabwerako mtima uli wosweka kuposa mmene munapitira.

Pa kulira kuja ndifuna tikambe mosamala. Kulira nthawi zina chifukwa chosowa kwanu n'kwachibadwa. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mukukhala wokhumudwa tsiku lililonse, tulo sitikubwera kapena mukungogona osafuna kudzuka, chakudya sichikulowa, kuphunzitsa kumene munkakukonda kwasanduka mtolo, kapena mwayamba kudziona ngati wopanda pake, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Si kuchepa kwa pemphero. Pitani kuchipatala cha Ngabu kapena chachikulu cha boma ku Chikwawa, mufotokoze zonse monga mwandifotokozera ine, ndipo mupemphe kuonana ndi wa zaumoyo wa maganizo. Akuyezeninso malungo ndi kuchuluka kwa magazi, poti kufooka kwa thupi m'dera lotentha chonchi kumatha kubisala m'kati mwa kukhumudwa. Pa holide muthanso kupita ku St John of God ku Lilongwe, kumene kuli aphungu a nkhani zimenezi. Ngati maganizo ofuna kudzipweteka kapena kudzipha atakufikirani ngakhale kamodzi, musadikire kuti kuche bwino: uzani munthu tsiku lomwelo, kaya ndi ahedi, mnzanu wapantchito uja kapena abusa, akuperekezeni kuchipatala, ndipo usiku umenewo musagone nokha.

Transifa ndi ufulu wanu kuipempha, ndipo palibe manyazi. Imadzera kwa ahedi, kwa a PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale wa dera lanu), mpaka ku ofesi ya maphunziro ya boma, ndipo kawirikawiri imatenga nthawi, makamaka kwa mphunzitsi amene wangoyamba kumene pamalo. Ngati adokotala ataona kuti thanzi lanu likufuna kuti mukhale pafupi ndi achibale, akulembereni kalata muiphatikize pa pempho lanulo. Koma ngakhale mutalemba mawa, miyezi yodikira yankho mudzaikhala ku Ngabu komweko, choncho mlembi wa seshoni wa ku Dowa muimbirenibe sabata ino. Mukapita kumlaga kawiri katatu, mundilemberenso mundiuze mmene akulandirirani.